Naiti 7 zondondozana: rosita ya Malichi ndiikonze bwanji?

NaPhiri (inchaji, wodi ya ana, Kasungu)
Mwaswera bwanji anzanga? Ndithandizeni nzeru. Kuwodi kwathu timagwira naiti 7 zondondozana, kenako ofu masiku 7. Timalowa 5 koloko madzulo, kutuluka 7:30 m'mawa, handova ikayenda bwino. Mukawonkhetsa ndi maola oposa 100 pa sabata imodzi. Lachisanu lapitali, cha m'ma 4 koloko mbandakucha, mnzathu amene anali pa naiti yake ya 6 anawerenga 18 kg pomwe pafayilo panalembedwa 8 kg. Artesunate (jekeseni wa malungo aakulu) wa mwana wosakwana 20 kg mukumudziwa, 3 mg pa kilogalamu. M'malo mwa 24 mg anakoka 54 mg. Mwayi wake mnzake anayang'ana kamwanako, n'kuyang'ana sirinji, n'kunena kuti "asisi, taimani kaye." Mwanayo sanabayidwe. Nesi ameneyu ndi wosamala, zaka 9 pantchito sindinamvepo dandaulo la iye. Analira mpaka kunja kunayera. Ino ndi nyengo ya malungo, ana ali awiriawiri pabedi. Rosita ya Malichi ikufunika kwa a metroni Lolemba. Ndiisinthe bwanji popanda kudana ndi anthu?

aBanda (clinical officer, Mchinji)
Asisi, choyamba musamukalipire. Pakati pa 3 ndi 5 koloko m'mawa thupi limakhala litazizira kuposa nthawi ina iliyonse, melatonin (homoni yobweretsa tulo) ali pamwamba, ubongo ukufuna kugona kaya mwini wake afune asafune. Ofufuza anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05% m'magazi. Nanga titamva fungo la mowa pa nesi tingamulole kukoka mankhwala a mwana? Chovuta cha naiti zondondozana n'chakuti tulo ta masana n'taafupi. Munthu akamagona maola 4 kapena 5 pomwe thupi limafuna 7, ndi ngongole imene ikukula tsiku ndi tsiku. Pofika naiti ya 5 kapena ya 6 imakhala yafika pakhosi.

NaTembo (nesi, wodi ya amuna)
Koma musanathamange kudula naiti, mvaninso mbali yathu. Ine banja langa lili ku Lilongwe. Ofu ya masiku 7 ndi imene imandilola kukaona ana, kulipira thiransipoti kamodzi. Mukandipatsa ofu ya masiku awiriawiri ndiye kuti malipiro onse athera pa M1. Ndipo tinene chilungamo, ambiri sitipuma n'komwe pa ofu imeneyo. Ena timalowa lokamu (ganyu wa pachipatala pa masiku a ofu), ena ali kumunda, ino ndi nthawi yothyola fodya. Ndalama yake ija mukuidziwa.

NaPhiri
Ndi zomwe ndikuopa zimenezo asisi. Mwa anthu 7 amene ndili nawo, atatu mabanja awo ali kutali.

Mzamba wa kuhealth centre
Inu muli ndi mwayi, mukukangana za rosita. Kuno tilipo awiri. Mnzanga akapita ku workshop, rosita ndine ndemwe, usiku ndi usana. Mlonda amangogogoda pazenera, "adokotala, kwabwera matenda." Pitirizani, ndikuwerenga ndili pantchito ku leba.

NaMwale (nesi, Mchinji)
Ine ndilankhulepo za m'mimba, chifukwa nkhani ya tulo ndi ya chakudya ndi nkhani imodzi. Chaka chatha ndinadziyeza ndekha ku OPD: BP 150/95, sikelo itakwera ndi 9 kg pa zaka ziwiri, yunifolomu yonse kupita nayo kwa telala. Ndinakhala pansi kuwerenga zomwe ndimadya pa naiti. Polowa, chipisi cha pachiwaya cha pageti ndi kanyenya. Cha m'ma 11, tiyi wa masupuni 4 a shuga ndi mandasi awiri. 2 koloko ikakwana, botolo la zoziziritsa kukhosi kuti maso atseguke, osadziwa kuti mu botolo la 300 ml lija muli shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Kufika kunyumba, nsima ya mitanda itatu, n'kudziponya pabedi. Masana timaphunzitsa anthu ku kiliniki ya shuga kuti chepetsani mchere, usapose 5 g patsiku, usiku ife tikuwaza mchere pachipisi ngati feteleza.

Si umbombo ayi. Ukapanda kugona, ghrelin (homoni ya njala) amakwera, leptin (homoni yokuuza kuti wakhuta) amatsika, ndiye thupi limangoitanitsa zotsekemera ndi zamafuta. Komanso usiku insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) sagwira bwino ntchito ngati masana, chakudya chomwecho chimakweza shuga kwambiri ukachidya 2 koloko usiku. Ndiye ndinatembenuza. Nsima ndimadya kunyumba cha m'ma 3:30 ndisananyamuke. Kuwodi ndimatenga mazira awiri owiritsa, nthochi, mtedza wokazinga wodzadza dzanja, ndi madzi. Pakati pa 12 ndi 5 koloko sindidya cholemera. Ndikaweruka, phala la mgaiwa lotendera kapu imodzi, basi. Panopa BP imasewera m'ma 130/85. Mbatata ikadzafika mu Epulo ndiye zimaphweka, futali mu kontena ndi wokwanira anthu awiri.

aBanda
Onjezanipo za khofi ndi ma energy drink. Caffeine amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Womwa 4 koloko m'mawa, pofika 9 koloko akadali ndi theka, kenako n'kumadabwa kuti tulo sitikubwera. Amwe kumayambiriro kwa naiti, ikadutsa 1 koloko asiye.

NaTembo
Tulo sitibwera chifukwa cha malata achimwene, osati khofi yekha! Dzuwa likangoti ng'aa nyumba ija ndi uvuni. Uku chigayo, uku ana a aneba, uku wina akugogoda kuti mwana wanga watentha thupi tamuoneni. Ukagona masana pamudzi pali maliro, mawa lake umva kuti anesi aja ndi onyada.

Gogo Sister (ndinapuma 2019)
Ana anga, ndagwira naiti zaka 31, ndiloleni ndiikepo mawu. NaPhiri, musachotse ofu ya munthu ngakhale tsiku limodzi, mukatero rosita yanu ifera pa notice board. Ingodulani sabata pawiri. Gulu lina ligwire Lolemba mpaka Lachinayi, naiti 4, lipume masiku 4. Lina Lachisanu mpaka Lamulungu, naiti 3, lipume masiku 3. Ulendo winawo asinthane. Naiti za munthu pamwezi zikhala zomwezo, ofu zake zomwezo, koma palibe amene afike pa naiti ya 6. Wakutali ngati NaTembo mumuike ofu ya masiku 4 yogundana ndi wikendi, Lilongwe si kutali choncho.

Chachiwiri ndi chimene ambiri amachita mobisa. Kugona pa naiti kulipo, tisanamizane, koma kumachitika mwakuba, wina pabenchi, wina patebulo, nthawi zina onse awiri nthawi imodzi, wodi n'kutsala ndi magadiyani. Bwino muchilembe poyera. Mukamaliza mankhwala a pakati pa usiku, mmodzi apume mphindi 30, wina ali maso, kenako asinthane. Zisapitirire pamenepo, chifukwa ukalowa tulo tofa nato umadzuka mutu uli zii, ndiye zoopsa kuposa poyamba. Wodzuka asambe kumaso, ayende kaye, asakhudze mankhwala kwa mphindi 15.

Ndipo kuwodi ya ana, kuyambira 12 mpaka 6 koloko, dozi iliyonse ya jekeseni aziona anthu awiri, wina atchule kulemera kwa mwana mokweza. Mwana uja anapulumuka chifukwa cha maso achiwiri, koma anali a mwayi. Asandutseni lamulo.

NaMwale
Gogo mwalasa. Za malata zija NaTembo, ine ndinakhoma bulangete lakuda pazenera, ndimayala mphasa pansi pasimenti, foni ndimaisiya pabalaza. Ana ndinawauza kuti kuyambira 9 mpaka 2 koloko amayi kulibe, ali kuntchito. Aneba anazolowera patapita mwezi. Za kuyenda, WHO imati mphindi 150 pa sabata. Kuzungulira muwodi kumatopetsa miyendo koma mtima suthamanga. Ine polowa naiti sindikwera kabaza, ndimayenda mwandawala mphindi 25. Kabaza ndimakwera poweruka, kuti ndikafike msanga dzuwa lisanandichotse tulo.

aBanda
Mukamakambirana ndi a metroni, muwakumbutse kuti bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa WHO, linaika ntchito ya usiku m'gulu la 2A, zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, mu 2007 ndipo linabwerezanso mu 2019. Osati kuwaopseza, koma adziwe kuti si ulesi wa anamwino a masiku ano.

NaTembo
Masiku 4 ogundana ndi wikendi ndikhoza kuvomera, ndiziyenda kamodzi pamwezi m'malo mwake. Koma lokamu bwanji? Munthu akatuluka naiti 4 n'kulowa lokamu tsiku lomwelo, mwakonza chiyani?

NaPhiri
Zikomo nonse. Ndalemba motere: 4 ndi 3 monga anenera Gogo, tiyese Malichi ndi Epulo. Kupuma kwa mphindi 30 ndi maso awiri pa jekeseni ndiyambitsa usiku uno, sizifuna siginecha ya munthu. Lokamu sindingaletse, ndalama ndi zawo, koma sindilemba munthu pa tsiku loyamba la ofu yake. Tasonkhanso kandalama kogulira fulasiki ndi tireyi ya mazira. Mnzathu uja ndamupatsa masiku awiri, abwera Lachitatu pa day. Chatsala ndi wikendi ya Pasaka, onse atatu akutali akuifuna. Gogo, imeneyo munkaigawa bwanji?

Gogo Sister
Amene anapuma pa Khirisimasi ndi amene agwire. Yang'anani rosita ya Disembala, musafunse munthu.

Mzamba wa kuhealth centre
Wabadwa wamkazi, 3.1 kg, onse ali bwino. Mukamaliza rosita yanuyo munditumizireko nesi mmodzi, ngakhale wa naiti 3 yemweyo.