Achimwene akusamuka ku Indiana kupita ku Chicago, laisensi yawo ya mfuti igwirabe ntchito?

Mlongo wa ku Area 25:

Moni nonse. Ndikudziwa kuti nkhaniyi ndi yakutali koma muno muli anthu anakhalako ku America nde mundithandize maganizo, tulo sindikupeza. Achimwene anga akhala ku South Bend, ku Indiana, kwa zaka zambiri ndithu, ali ndi green card, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku nursing home ndipo mashifiti awo ambiri ndi ausiku. Zaka zitatu zapitazo anawachita chiwembu pa filling station akuweruka cha m'ma 2 koloko usiku, anawaloza mfuti pamphumi nkuwalanda foni ndi waleti, kuchokera pamenepo anagula pisito yawo nkutenganso laisensi yoyenda nayo mobisa, ija akuti ndi ya moyo wonse yosatha. Ife kuno tinamva mochedwa ndipo mayi mpaka lero nkhani imeneyi safuna kuimva nkomwe.

Pano apeza ntchito yabwinoko ku Chicago, akusamuka kumapeto kwa mwezi uno. Dzulo timacheza pa video ya WhatsApp iwo akulongedza, ndinaona kabokosi kakuda pa tebulo pambali pa mapoto ndi thumba la ufa, ndafunsa kuti nanga icho, akuti aa ndi chijachi, ndingoponya m'galimoto basi Chicago ndi pompano maola awiri sakwana, laisensi ndili nayo. Ine mtima sunakhazikike. Ndinamvapo kuti kumeneko state iliyonse ili ndi malamulo ake, kodi ndi zoona? Laisensi ya ku Indiana imagwira ku Illinois? Ngati sigwira achite chani ndipo ayambire pati?

Mundimvetse, achimwenewa ndi amene amalipira fizi ya ana anga awiri komanso mankhwala a shuga a mayi mwezi ndi mwezi. Atalowa m'mavuto si iwo okha ayi.

Mnyamata wa ku Biwi:

Asisi musadandaule, ku America mfuti ndi ufulu wa mu Constitution, Second Amendment, dziko ndi limodzi lomwelo. Ngati pepala ali nalo ali nalo basi, zili ngati laisensi yoyendetsera galimoto, wa ku Mzuzu saletsedwa kuyendetsa ku Blantyre.

Bambo a ku Area 49:

Aise wa ku Biwi, ayi, apa nde mungamangitse munthu. Ine ndinakhala ku Indiana komweko ndisanabwerere kumudzi ndipo msewu wa ku Chicago ndaudutsa kosawerengeka. Ufuluwo ulipodi, ndipo mu 2022 khothi lalikulu la dzikolo pa mlandu uja wa Bruen linanena kuti munthu ali ndi ufulu woyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba, koma silinaletse ma state kufuna laisensi. Laisensi ya dziko lonse kulibe. State iliyonse imapereka yake ndipo imasankha yokha kuti ya kwa ena iilemekeza kapena ayi. Kuno kwathu tinazolowera kuti chilolezo cha mfuti chimachokera kupolisi ndipo lamulo ndi limodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, nde mutu umavuta kumvetsa kuti munthu ungoyenda makilomita 150 nkukhala wolakwa chikhalirenicho pepala lili m'thumba. Koma ndi mmene zilili. Ngakhale wotchi imasintha panjira imeneyo, South Bend ili patsogolo ndi ola limodzi.

Achemwali, vuto lake ndi lakuti achimwene anuwo akuchoka kofewa kwambiri kupita kolimba kwambiri. Indiana kuyambira pa 1 July 2022 munthu wololedwa kukhala ndi mfuti atha kuyenda nayo ngakhale opanda laisensi, ndipo laisensi yawoyo amapereka osafunsa kuti unaphunzirapo kuwombera. Illinois ndi yomwe inali yomaliza m'dziko lonselo kulola anthu kuyenda ndi mfuti mobisa, mu 2013, ndipo inachita kukakamizidwa ndi khothi. Laisensi ya state ina iliyonse siilemekeza. Ya Indiana, ya Texas, ya Florida, zonse kwa iwo ndi mapepala chabe. Chomwe amalola ndi chakuti mlendo wongodutsa amene ali ndi laisensi ya kwawo akhale nayo mfutiyo mkati mwa galimoto yake, ndipo mwina ndi zimenezi zawapusitsa achimwenewo chifukwa ankapita ku Chicago ngati mlendo. Koma akangosamuka si mlendonso, ndi munthu wokhala ku Illinois, mwayi umenewo watha. Komanso ya moyo wonse ija imaperekedwa kwa anthu okhala ku Indiana, nde akachoka asaidalirenso, ndipo awadziwitse a Indiana State Police kuti asintha adiresi.

Ku Illinois mapepala ndi awiri, anthu amasokoneza. Loyamba ndi FOID, kakhadi kongokulola kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ngakhale zongosunga m'nyumba pansi pa bedi. Ndi madola 10, kamagwira zaka 10, amapereka ndi a Illinois State Police ndipo umafunsira pa intaneti. Koma kuti ufunsire umayenera kukhala kaye ndi laisensi yoyendetsera galimoto kapena ID ya Illinois. Wobwera kumene amapatsidwa masiku 60 kuchokera tsiku lomwe watenga laisensi kapena ID imeneyo kuti akhale atapeza FOID. Nde tsiku lomwe atenge ID, madzulo ake omwewo afunsire, asadikire weekend.

Lachiwiri ndi laisensi yoyenda nayo mobisa, amati CCL. Imeneyi nde ntchito. Maphunziro a maola 16 kwa mphunzitsi wovomerezeka ndi boma la state, kukawombera zipolopolo 30 pa chandamale ndipo 70 peresenti zilase, madola 150 (ndalama za mphunzitsi ndi zapadera), imagwira zaka 5. Akapereka zidindo za zala lamulo limati ayankhidwe pasanathe masiku 90, akapanda kupereka ndi 120. Ndiye kuti miyezi itatu kapena inayi yoyambirira mfutiyo siyenera kukhala m'chiuno mwawo ngakhale tsiku limodzi. Masiku 60 aja ndi osungira kunyumba, si oyendera nayo mumsewu, chonde muwauze mawu amenewa mmene ndalembamu.

Tsiku losamuka asangoponya m'galimoto. Achotse zipolopolo zonse, ayang'anenso kachiwiri kuti m'kati mulibe chotsalira, aiike m'bokosi lake lokiya, bokosilo ku buti, zipolopolo pazokha. Osati mu kabati kakutsogolo kaja timaikamo mapepala a galimoto, osati pansi pa mpando.

Mayi a ku Kawale:

Ine zamalamulozo ndasiyira odziwa koma ndingofunsa monga kholo. Mfuti imeneyi akuifuniranji mpaka kuvutika chonchi? Ndikumva chisoni ndi zomwe zinawachitikira, kulozedwa mfuti si masewera, mwamuna wanga anamuchitapo zoterezi akuchokera ku Mchesi ndipo anatha chaka akudzidzimuka usiku. Koma munthu uli kwa eni ake, mapepala ako ndi ongobwereka, kunyumba anthu akuyang'ana iwe. Tsiku lina wapolisi wakuimitsa chifukwa cha nyali yakumbuyo yakufa, iwe wakuda, kalankhulidwe kako kachilendo, m'galimoto muli mfuti. Ine mwana wanga ndikanamuuza kuti gulitsa, ndalamayo uwonjezere pa renti upeze nyumba kudera labwinoko. Mwina ndikuyankhula ngati nkhalamba koma ndi mmene ndikuonera.

Wa ku Area 18B:

Bambo a ku 49 afotokoza bwino kwambiri, ine ndingowonjezera mbali imene ikundiopsa kuposa zonse chifukwa mwanena kuti ali ndi green card, sanatenge unzika. Ana anga awiri ali ku Illinois komweko nde nkhani zimenezi timakambirana pafupipafupi.

Wa green card amaloledwa kukhala ndi mfuti, pamenepo palibe vuto, FOID ndi CCL atha kufunsira. Amene saloledwa ndi wopanda mapepala, komanso wa viza yongocheza kapena ya sukulu kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Koma lamulo la immigration limanena kuti munthu amene si nzika akapezeka wolakwa pa mlandu wokhudza mfuti, kaya kukhala nayo kapena kuyenda nayo mosemphana ndi lamulo, atha kuthamangitsidwa m'dzikomo. Sizitengera kuti wawombera munthu ayi. Ku Illinois kupezeka mumsewu ndi pisito yodzaza zipolopolo ulibe CCL kutha kukhala mlandu waukulu umene amati felony. Mzungu wobadwira komweko alipira loya, mwina apatsidwa chilango chakunja, moyo nkumapitirira. Achimwene anuwo mlandu womwewo utha kuwatsitsira pa KIA ndi kachikwama kamodzi, zaka zonse zija zathera pomwepo. Ndipo ngakhale loya wa milandu atawauza kuti ingovomerani kamlandu kakang'ono muzipita, asavomere kanthu asanaonane ndi loya wa immigration, chifukwa kakang'ono kukhothi kuja kamatha kukhala kakakulu ku immigration.

China, mwati amagwira ku nursing home. Lamulo la Illinois limaletsa mfuti m'zipatala ndi m'ma nursing home ngakhale CCL uli nayo. Limaletsanso m'masukulu, m'mapaki a mzinda, m'nyumba za boma, m'mabala, komanso m'mabasi ndi masitima a anthu onse, ndipo ku Chicago anthu ambiri kuntchito amapita pa basi kapena sitima za CTA chifukwa malo oimika galimoto ndi odula. Chomwe amalola ndi kuisiya yotsekeredwa m'galimoto yokiya pamalo oimikapo, yosaonekera. Nde taganizani, mfuti anagulira ulendo wa usiku wochokera kuntchito, koma kuntchitoko singalowe, mu sitima singalowe. Apa mayi a ku Kawale ali ndi mfundo, awerengere bwino ngati ikuwathandizadi.

Muwafunsenso kuti magazini awo amalowa zipolopolo zingati. Kuyambira mu January 2023 Illinois inaletsa magazini a pisito opitirira zipolopolo 15. Pisito ya Glock 19 imabwera ndi a 15, koma Glock 17 imabwera ndi a 17, nde munthu utha kulowa ndi chinthu choletsedwa usakudziwa chifukwa ku Indiana unagula poyera m'shopu. Mzinda wa Chicago ndi Cook County alinso ndi malamulo awoawo pamwamba pa a state, awerenge onse atadziwa adiresi yeniyeni ya nyumba yomwe akukakhala. Ndipo ngati ndi ya renti aone zomwe pangano la landilodi likunena.

Mnyamata wa ku Biwi:

Pepani asisi ndinayankha mothamanga, zomwe ndinalemba zija musatengere. Nanga sangangoisiya kwa mnzawo ku South Bend konko mpaka mapepala atuluke? Amalawi kumeneko ndi ambiri.

Bambo a ku Area 49:

Zimenezonso zili ndi kachitidwe kake aise. Choyamba mnzakeyo akhale woti lamulo likumulola kukhala ndi mfuti, chifukwa pakati pathu kumeneko alipo ena mapepala awo sanalongosoke ndipo kumusiyira woteroyo ndi kumuika m'moto, iwenso wolowa nawo. Chachiwiri lamulo la dziko lonse limati pisito ikamachoka kwa munthu wa state ina kupita kwa wa state ina idutsire kwa wogulitsa mfuti wa laisensi, aja amati FFL. Pano akadali wa ku Indiana atha kugulitsa kwa mnzawo wa ku Indiana. Akakhala kale wa ku Illinois sangangopatsana pamanja ngati foni. Nde ngati maganizo ndi ogulitsa, agulitse asanasamuke, ndipo chapafupi ndi kupita nayo ku shopu ya mfuti, akaigula iwo nkuwapatsa lisiti, lisitilo asunge. Mashopu ena amasungiranso anthu pa kamtengo pamwezi, afunse konko.

Ndipo pasapezeke wowanyengerera kuti adzabwere nayo kuno pa holide. Laisensi ya ku America kuno ilibe ntchito, za mfuti kuno zimadzera kupolisi ku Area 30.

Mlongo wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndadikira mpaka cha m'ma 3 masana kuti kwawo kuche aweruke, ndawaimbira ndili pa khonde kuti mayi asamve, ndawawerengera zonse kuyambira za FOID mpaka za KIA. Poyamba amakana, akuti iwe uli ku Lilongwe ungandiuze za kuno, koma nditafika pa za green card anangoti zii kwa kanthawi, kenako akuti tabwereza pamenepo. Anapita kukatsegula kabokosi kaja ndikuona, magazini awo ndi a 17, awiri. Sankadziwa nkomwe.

Za kugulitsa sanavomere, akuti usiku uja sanauiwale ndipo ine sindinawakakamize chifukwa si ine ndinalozedwa. Koma agwirizana nazo zoti Loweruka apita ku shopu komwe anagula akafunse za kusungitsa ndi kusintha magaziniwo, ndipo ku Chicago alowa opanda mfuti mpaka FOID ituluke. Za CCL akuti aona akayamba ntchito nkudziwa ngati aziyenda pa sitima kapena pa galimoto. Bambo a ku 18B, ngati ana anu akudziwa loya wa immigration wodalirika ku Chicago chonde ndilembereni ku inbox, ndikufuna nambala imeneyo ikhale m'foni mwawo asananyamuke.