Iceland ndi Costa Rica: bwanji nambala zikusiyana chonchi?

Nabanda_T:
Abale, ndithandizeni. Ndikulemba assignment yoyerekeza mayiko awiri ang'onoang'ono pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu zosatha, monga za madzi, mphepo ndi nthunzi yotentha ya pansi pa nthaka. Ndasankha Iceland ndi Costa Rica poti onse amatchuka kuti magetsi awo pafupifupi onse sachokera ku mafuta. Koma pa graph ya World Bank, mzere wa Iceland wakwera kuchoka cha m'ma 55 peresenti mu 1990 mpaka kudutsa 80, pomwe wa Costa Rica watsika, pano sukufika ndi pa 40 pomwe. Nanga zija amati mu 2017 Costa Rica inatha masiku 300 ikudalira mphamvu zosatha zokha, linali bodza?

Mphunzitsi_Gondwe:
Silinali bodza, achemwali, koma masiku 300 aja ndi a magetsi okha. Graph mukuonayo imawerenga mphamvu zonse zimene dziko latha, kuphatikizapo petulo ndi dizilo wa galimoto, mabasi ndi mathiraki. Costa Rica ili ndi anthu oposa 5 miliyoni, ndipo galimoto zachuluka zedi kuchokera m'ma 1990. Damu la Reventazón la 2016 likhoza kuyatsa nyumba zambirimbiri, koma silingayendetse thiraki ya dizilo.

Injiniya_Sakala:
A Gondwe anena zoona, koma nanenso ndiikepo mlomo pa Iceland, chifukwa anthu amaitamanda mosaganizira. Chinakweza mzere wawo ndi zinthu ziwiri. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anawonjezera kwambiri ntchito yokokera madzi otentha a pansi pa nthaka m'mapaipi mpaka m'nyumba, moti lero nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zimafundidwa ndi madzi amenewo. Kudziko lozizira ngati lija, imeneyo ndi mphamvu yochuluka kwabasi. Costa Rica n'kotentha, safunika kufunditsa nyumba, ndiye alibe poti angapezere mapointi amenewa.

Chachiwiri ndi aluminiyamu. Damu la Kárahnjúkar, la mamegawati 690, linayamba ntchito mu 2007 makamaka kuti lidyetse fakitale yosungunula chitsulochi. Mafakitale oterewa amameza magetsi ambiri kuposa nyumba zonse za m'dzikomo, lomwe anthu ake safika ndi theka la miliyoni. Ndiye peresenti imakwera ngakhale maboti ophera nsomba ndi galimoto zambiri zikumwabe mafuta. Kwa ine, kukwera kotereku sikutanthauza kuti anthu asiya dizilo.

Nabanda_T:
Zikomo akuluakulu. Koma chinakweza Costa Rica kalelo n'chiyani kuti pano izioneka ngati yabwerera m'mbuyo?

Mphunzitsi_Gondwe:
Nkhuni! Pa chiwerengero chimenechi nkhuni ndi makala zimalowa m'gulu la mphamvu zosatha. Banja likasiya kuphikira pa mafuwa n'kugula sitovu ya gasi, mzere umatsika ngakhale moyo wawo wapita patsogolo. N'chifukwa chake mayiko ngati Uganda ndi DR Congo amakhala pamwamba pa mndandandawu, pamwamba pa Iceland yomwe. Mujambule magraph awiri, ya magetsi payokha, ya mphamvu zonse payokha. Ndipo pa ya magetsiyo musadabwe mukaona Costa Rica yagwa mu 2023 ndi 2024: chilala chobwera ndi nyengo ya El Niño chinaphwetsa madamu, anthu n'kuyatsanso makina a mafuta.