"Madzi saiwala khwawa": akutonza munthu kapena akumulandira?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu ndaumva chibadwire, koma sabata ino wandisowetsa tulo.

Tikulongedza katundu wa malemu amalume ku Chilenje, tinapeza mapu akale a Lusaka pansi pa sutikesi, aja a 1:50,000, oti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Pepala linachita chikasu, m'mopinda anamatamo selotepi. Mizere yofiirira yokhotakhota ija ine ndinkangoiyesa zokongoletsa. Anandiphunzitsa ndi mwana wanga wa giredi 9: mizere ikathithikana ndiye potsetsereka, ikatalikirana ndiye pathyathyathya, ndipo ikapinda ngati chilembo cha V, pamenepo pamadutsa madzi, nsonga ya V ikuloza kumtunda kumene achokera.

Ndinayenda ndi chala mpaka pamene pali nyumba yomwe ndikuchita lendi. Pamapupo palibe nyumba ngakhale imodzi. Pali ka V ndi kamzere kabuluu kodukizadukiza. Ndiye kuti zaka zonsezi ndimagona panjira ya madzi! Januwale aliyense timakweza matilesi patebulo, ine n'kumanyoza ngalande yosalakwa.

Chapambali amalume analemba ndi pensulo kuti "Madzi saiwala khwawa." Apa ndi pamene ndasokonezeka. Agogo ku Katete anaunenapo mwambiwu mnyamata wina atabanso mbuzi, atangotuluka kundende. Koma anaunenanso, akuseka ndi misozi, mwana wawo atabwerako ku migodi ku Kitwe patapita zaka zambiri. Tanthauzo lenileni ndi liti? Nanga khwawa limasiyana bwanji ndi dambo?

Bambo wina wa ku Matero:
Mwanawe, yamba ndi liwulo. Khwawa ndi njira yomwe madzi anadzikumbira okha. Mu Okutobala umayendamo ndi nsapato osanyowa, mvula ikagwa limakokolola mbuzi. Dambo ndi lija la udzu, lonyowa chaka chonse, kolima madimba. Tsono mwambiwo ndi wa khalidwe. Munthu angasiye mowa, angalowe kwaya, tsiku lina adzabwerera mwakale. Agogo ako pa wakuba mbuzi analondola. Kwinako chinali chimwemwe chabe.

Mayi wina wa ku Kanyama:
Pepani bambo, ine ndikana. Kwathu ku Chadiza timaunena munthu akakumbuka kwawo. Madzi akabwerera m'khwawa alakwa chiyani? Si mwawo momwemo? Wolakwa ndi amene wamangamo nyumba. Ndipo achimwene, inu muli ndi mwayi, madzi anu ali ndi kopita. Taonani Kanyama pamapu anuwo, mizere ili patalipatali. Kuno ndi pathyathyathya, pansi pali mwala wa laimu, madzi apansi ali pafupi. Mvula ikagwa amangoima pakhomo mpaka Malichi. Akuluakulu amakambabe za chigumula cha 1978.

Mphunzitsi wina wa ku Kabwata:
Amayi anena zoona pa za nthaka. Lusaka yense wakhala paphiri lathyathyathya, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi ake amagawikana: a m'ngalande yaikulu yotchedwa Bombay drain amatsikira mu mtsinje wa Ngwerere kukathira mu Chongwe, a mu mtsinje wa Chunga amapita ku Mwembeshi mpaka mu Kafue. Tauni yakale inamera pafupi ndi njanji yomwe inafika mu 1905, pamalo otsika a matope. Likulu litachoka ku Livingstone mu 1935, maofesi a boma anawamanga pamtunda, ku Ridgeway. Okonza mzindawo ankadziwa kowuma. Za mwambiwo, ine ndinaphunzira monga anenera bambo a ku Matero, koma mayi anga ankaunena monga amayi a ku Kanyama, ndipo sindinayerekeze kuwatsutsa.

Ine uja wofunsa:
Zikomo nonse, ngakhale mwandisiya pamphambano pomwe munandipeza. Chomwe chikundivutabe n'chakuti amalume analemba mawuwo chaka chiti, ndipo ankanena madzi enieni kapena iwo eni, poti anamwalira akukonzeka kubwerera ku Katete. Mapu ndawakulunga m'pulasitiki, ali pamwamba pa wadilopu. Loweruka ndikukawaonetsa eni nyumba tisanakambe za lendi ya Disembala.