Makiyi onse asowa tsiku limodzi, wamaloko ali kutali: ndimuitane kapena tiphwanye?

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Chonde ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira kuyambira Loweruka. Ine ndimakhala kumudzi kwenikweni, kuchoka pa tala kufika kwathu ndi maola awiri mvula ikakhala kuti sinagwe, ndipo ndili ndi kagolosale kogundizana ndi nyumba. Makiyi onse anali pa waya mmodzi, wa chitseko chakumaso, wa kachipinda kosungira katundu wa mushopu, wa loko wapanja ndi wa galimoto, ndimawakoleka pa msomali kuseri kwa kauntala. Loweruka kunachuluka anthu, madzulo ndikuti nditseke ndangopeza msomali uli wokha. Tasesa paliponse, tasuntha matumba, mpaka kudzala tinakafukula koma ayi ndithu.

Panopa tikulowera khomo lakuseri lomwe timatseka ndi mpiringidzo, kutanthauza kuti pakhomo sipangachoke munthu. Mchimwene wanga anayesa kutsegula kosungira katundu ndi kiyi wina wofananako, anakakamiza ndiye kiyi wathyokera momwemo, kachidutswa kakungosuzumira pang'ono. Galimoto ndi Toyota, ndili ndi kiyi wasipeya amene ndinadulitsa kalekale, chitseko akutsegula bwinobwino koma ndikati ndilize injini ikungozungulira osalira, kagetsi kofiira kakungophethira pa dashibodi.

Ndapeza nambala ya munthu amene amayenda ndi zida zake pagalimoto kukonza maloko komwe uli. Pafoni wandiuza kuti ndiyambe ndatumiza ya mafuta, ndipo akafika aboola maloko onse nkuika atsopano, za galimoto akuti tikaonera konko. Mtima wanga sukuvomera. Kwathu kuno si kutauni koti wina akakukhumudwitsa uitana wina, akabwera uyu ndi yemweyo basi. Kodi kuboola ndiye njira yokhayo? Nanga ndingamukhulupirire bwanji munthu wosamudziwa kuti sakasunga kiyi wina wa nyumba yanga? Bambo akunyumba amagwira ntchito kutali, usiku ndimakhala ndi ana okha.

Makaniko wina: Pepani mayi. Ndiyambe ndi galimoto poti ndi yomwe ndimaidziwa, galimoto yanu sinafe ayi ndipo musalole aliyense ayambe kumasula sitata kapena pampu ya mafuta. Ili ndi immobiliser, chida choletsa injini kulira popanda kiyi wake weniweni. M'mutu wapulasitiki wa kiyi weniweni uja muli ka chip kakang'ono ngati njere, kalibe batire, kamalandira mphamvu kuchokera ku koyilo yozungulira pamene mumalowetsa kiyi ndipo kamayankha ndi nambala yake. Kompyuta ya galimoto ikapanda kuimva nambalayo siilola injini kulira. Wasipeya wanuyo ndi chitsulo chabe, ndiye mano akulowa bwino koma kuyankha sakuyankha. Zimenezi zinayamba kufala zaka za m'ma 1990, ku UK zinafika pokhala lamulo pa magalimoto atsopano mu 1998. Siyani kuyesayesa mungothetsa batire.

Mwini funso: Zikomo bambo, ndiye kuti kiyi wasipeya uja alibe ntchito?

Makaniko wina: Ali nayo yaikulu, musamutaye. Mano a kiyi watsopano akopera pamenepo osafunika kumasula loko wa chitseko. Chotsala ndi chip ndi kuyilembetsa mu kompyuta.

Wokonza maloko: Amayi, ntchito imeneyi ndi yanga ndipo inenso ndimayenda m'midzi, ndikuuzeni chilungamo. Ya mafuta musadabwe nayo, tonse timatchaja chifukwa ulendo umodzi wakumudzi umadya tsiku lathunthu ndipo tinapitapo malo kukapeza eni ake aphwanya kale chitseko osatiuza. Chomwe chandidetsa nkhawa ine ndi choti wagamula zoboola asanaone nkomwe mtundu wa loko. Kuboola ndi kothera, zina zonse zikakanika. Kiyi wothyokera uja timamukoka ndi tizitsulo topyapyala tokhala ndi ngowe, nthawi zambiri ndi ntchito ya mphindi zochepa ngati simunamukankhire mkati. Ndiye chonde muwauze achimwene asiye kutokosa ndi waya, ndipo asayerekeze kuthira super glue kuti amate zidutswa, guluu akalowa m'mapini loko watha basi.

Maloko a zitseko za nyumba ambiri ali mitundu iwiri. Pali wa kiyi wamtali wokhala ndi kambendera kumapeto, mkati mwake muli malivala, tizitsulo tophwatalala timene kiyi amatikweza kuti loko atseguke. Pali wa silinda, wa kiyi wophwatalala wa mano ngati sowo, mtundu uja anaukonza mmisiri wa maloko wa ku America Linus Yale Jr. zaka za m'ma 1860, mkati muli mapini asanu kapena asanu ndi limodzi okhala pa masipuling'i. Ngati wanu ndi wa silinda palibe chifukwa chochotsera loko yense, chitseko chikatseguka timamasula sikuluwu imodzi ya m'mbali, silinda nkutuluka, nkulowetsa ina ya makiyi ake atsopano. Handulo ndi thupi la loko zimatsala zomwezo. Kapenanso kungosintha mapini kuti kiyi wakale asagwirenso.

Asananyamuke mutumizireni zithunzi za loko aliyense, kumaso ndi m'mbali, komanso mumuuze kunenepa kwa chitseko, chifukwa masilinda amasiyana kutalika, ena mamilimita 30 mbali yakunja ndi 30 mbali yamkati ena 35 ndi 35, ndipo akabwera ndi yolakwika mulipira ulendo wachiwiri. Silinda yotulukira kunja kwambiri ndi yoipa, wakuba amaigwira ndi chopanira nkuithyola.

Mwini funso: Bambo mwanditsegula maso. Wakumaso ndi wa kiyi wamtali uja, wa kosungira katundu ndi wa silinda.

Wokonza maloko: Ndiye wakumaso muonetsetse. Ngati ndi wa malivala awiri kapena atatu mitundu ya makiyi ake ndi yochepa, ena amakhala ndi nambala pa kiyipo ndipo munthu akaidziwa nambalayo amakagula wodulidwa kale. Poti mukusintha kale, pemphani wa malivala 5, zimalembedwa pa chitsulo cha m'mbali chija.

Bambo wina: Aaa inu zonsezi nzotayitsa nthawi, pezani kalipentala wa m'mudzi momwemo atsegule ndi chitsulo muike maloko ena, mawa lomwe mukhala mutagulitsa.

Mayi wa shopu: Ayi achimwene musawanamize. Ine ndinachita zomwezo chaka chatha, loko anachoka inde koma felemu inang'ambika kuyambira pa loko mpaka pansi ndipo chitseko sichinakhalenso bwino, ndinagula chitseko, felemu ndi simenti pamwamba pa loko. Koma achemwali ine nkhawa yanga ili pena. Makiyi sachoka okha pa msomali kuseri kwa kauntala. Muwatenge ngati ali m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti ndi a nyumba iti, ngakhale atapezeka mawa pansi pa thumba musinthebe, tsiku limodzi ndi lokwanira kukadulitsa ena. Usiku uno chitseko chakumaso chija mutsamiritse chinthu cholemera kapena mukhomere bawuti mkati, ndipo ndalama zisagone mushopu.

Membala wina: Kuonjezera apo, musaike chithunzi cha kiyi wasipeya uja pano kapena pa Facebook. Mano akaoneka bwino pa chithunzi munthu wodziwa atha kudula kiyi. Zithunzi za loko zokha basi.

Dalaivala wakale: Mayi za galimoto asakuuzeni kuti tikaonera konko, mumufunse lero pafoni ngati ali ndi makina olembetsera makiyi onse atasowa pa mtundu wanuwo ndi chaka chake, chifukwa kuonjezera kiyi uli ndi wina wogwira ndi kophweka koma onse atasowa ndi nkhani ina. Magalimoto ambiri amalumikiza makina pa soketi ya OBD ya mabowo 16 ili pansi pa chiwongolero, koma ma Toyota ena akale amafuna kuchotsa kompyuta nkuilembanso, si aliyense woyendayenda amatha zimenezo. Mumuwerengere nambala ya chasisi. Ndipo chofunika kwambiri kwa inu, auze kompyuta iiwale kiyi wosowayo. Akatero wotola uja atha kutsegulabe chitseko poti mano ndi omwewo koma injini siimulirira. Mudulitse awiri a chip nthawi imodzi, wina mukasunge kwa munthu amene mumamudalira osati pa waya womwewo. Ena akuuzani kuti angodula immobiliser yonse, ine sindingavomere, makamaka panopa pamene kiyi wanu ali kwa munthu wosadziwika.

Mwini funso: Nanga za kukhulupirika kwake? Apa ndi pamene pakundisowetsa tulo.

Wokonza maloko: Muli ndi ufulu wonse wokayika amayi. Onani izi. Mmisiri weniweni amayamba ndi iye kukufunsani umboni woti nyumba ndi galimoto ndi zanu, chiphaso chanu ndi mapepala a galimoto, amene safunsa ndiye kuti angatsegulirenso wina aliyense nyumba yanu. Loko watsopano abwere m'paketi yosatsegula, mutsegule nokha ndi kuwerenga makiyi ngati akukwana ndi nambala yolembedwa papaketi. Mwinanso mugule nokha maloko iye adzangoika, ine makasitomala akatero sindikhumudwa. Mtengo awugawe polemba pa meseji, ulendo pawokha, ntchito payokha, zipangizo pazokha, ndipo ya mafuta mupereke gawo chabe, yotsala akamaliza mutayesa kiyi aliyense chitseko chili chotsegula kenako chili chotseka. Mufunseni anthu awiri a kudera lanu amene anawagwirirapo ntchito muwaimbire. Tsiku lobwera pakhale akuluakulu ena pakhomo ndipo agwire mukuona.

Kanthu kena kakang'ono poti kumudzi fumbi ndi lambiri, m'maloko atsopanowo musamathire oyilo wa galimoto kapena mafuta ophikira, amagwira fumbi nkusanduka phala, kiyi amayamba kulimba mpaka kuthyoka. Ufa wa graphite, chakuda chija chimakhala mkati mwa pensulo, ndiye woyenera, ngakhale kupaka mtovu wa pensulo pa kiyi kumathandiza.

Mayi wa shopu: Komanso funsani aneba ngati pali ena ofuna kudulitsa makiyi kapena kukonzetsa maloko, mugawane ya mafuta, ife tinatero tili nyumba zinayi.

Mwini funso: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndamuimbiranso munthu uja ndi mafunso anu, za OBD anayamba kuzungulirazungulira kenako wavomera kuti makina a galimoto alibe, amabwereka kwa mnzake. Ndapeza wina kudzera kwa aphunzitsi a pasukulu yapafupi amene anawatsegulira ofesi osaboola, ndisananene zambiri wandifunsa kale mapepala a galimoto ndi zithunzi za maloko, akuti abwera Lachinayi msewu ukauma. Bawuti takhomera kale mkati mwa chitseko chakumaso ndipo achimwene akugona mushopu. Funso latsala limodzi bambo a maloko, loko wapanja pa shopu uja ndi wopachika, chitsulo chomwe amakolekapo masikuluwu ake ali poonekera kunja. Ndimuuze abweretse chamtundu wanji?

Wokonza maloko: Chomwe chimaphimba masikuluwu chikatsekedwa, ndipo amange ndi mabawuti obooleza chitseko, manati akhale mkati. Loko akhale wa khosi lolimbitsidwa, amalemba kuti hardened, ndipo khosilo likhale lalifupi lobisika m'mapewa kuti chodulira chisapeze pogwira. Mutumizireninso chithunzi cha felemu aone ngati thabwa lake silinafumbwe.