Abwana akuti ndibwere ndi combination, ndi chani chimenechi?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni musanditukwane. Alamu anga andipezera ntchito nditakhala pa ulova zaka ziwiri, alamu omwewo amene anandimana 20 pin ya lendi mpaka alandilodi anandizulira chitseko, koma izo tizisiye. Dzulo abwanawo anaimba ndili mu minibasi kondakitala akulimbana ndi mayi wina za chenji, ndinangomva kuti Lolemba 7 koloko ubwere ndi combination yako, foni n'kuduka. Kuimbanso ndikuopa aziti alemba mbuli, alamu nawo sitikumwerana madzi chifukwa cha mbuzi ya kumudzi ija. Combination ndi chani ndipo amagulitsa kuti?

Makanika wa ku Ndirande: SIPANALA IMENEYO ACHIMWENE. Mbali ina yotseguka ina ya ring, saizi imodzi konsekonse. Gulani 10, 13 ndi 17, ya 10 mugule ziwiri imasowa tsiku lililonse

Madamu a Form 4: Ngati ndi ntchito ya uphunzitsi akunena maphunziro amene munatenga limodzi ku koleji, monga masamu ndi physics. Tengani mapepala anu basi

Makanika wa ku Ndirande: Madamu pepala limamasula boti?? SIPANALA

Mayi wa atatu: Kodi ntchitoyo ndi yanji?

Wa ku Joni: Mwina ndi loko ya manambala ya pa locker. Ine inandiliza pa Beitbridge, akuti tsegula sutikesi ine nambala ndaiwala basi ikufuna kunyamuka, mapeto ake tinang'amba zipi ndi mpeni zovala zamkati mbwee anthu akuonerera

Madamu a Form 4: Mukanakhala ndi nthawi, loko ya manambala atatu njira zake ndi 1000 zokha, 000 mpaka 999. Ndipo dzina loti combination pa lokoyo analakwitsa, pa masamu combination sitiona kuti wayamba ndani, mwa anthu 5 kusankhapo awiri njira ndi 10 basi. Pa loko 123 ndi 321 ndi zosiyana, imeneyo ndi permutation

Makanika wa ku Ndirande: Munthu akufuna ntchito inu mwayambitsa kalasi kkkk zaka 22 ndili pa galaja palibe anandifunsapo permutation

Anesi: Kwathu kuchipatala ndi mankhwala ophatikiza, LA wa malungo uja muli artemether ndi lumefantrine m'piritsi limodzi. Koma sangakuuzeni kuti mubwere nawo ayi

Wa mabeti: Combination ndimaidziwa ine ndi ya matimu 12 pa tikiti imodzi, Loweruka yonse inalowa kupatula Man United

Gogo wa mapemphero: Mukapepese kaye alamu anuwo, munthu wakupezerani ntchito mukumuyalutsa pagulu la anthu chonchi? Mbuziyo mwina munadyadi

Mayi wa atatu: Ndafunsa ntchito yanji palibe akundiyankha. Tumizani meseji kwa abwanawo kuti netiweki inavuta sindinamve bwino, sachotsa munthu ntchito chifukwa chofunsa

Makanika wa ku Ndirande: Mukafunsa mwaonetsa kuti simudziwa zida. Musagule zopepuka zonyezimira zija zimadya mutu wa boti, ndiponso ngati ndi zamagetsi ndiye pulayala, nayonso ilipo ya combination. GULANI ZONSE

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse koma agogo mbuziyo inafa yokha ndili ndi mboni. Ndiye sipanala zitatuzo ndi ndalama zingati, ndatsala ndi ya transipoti yokha