Wophunzira wa ku Mozambique: attachment kenako ntchito yokhazikika, tiyambire pati?

Wa HR, Limbe:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kampani yathu imatulutsa katundu wa makasitomala ku madoko a Beira ndi Nacala. Pali mtsikana wa ku Tete amene akumaliza digiri ya bizinesi ku MUBAS, ndipo Chipwitikizi ndi chiyankhulo chake. Mabwana akufuna abwere pa attachment miyezi 3, akamaliza sukulu timulembe ntchito. Ali ndi student permit. Ikukwanira?

Wa HR, Makata:
Achemwali, muzilekanitse zinthu ziwirizi. Student permit ndi yophunzirira, si yogwirira ntchito. Attachment imayenda bwino ikakhala gawo la maphunziro ake. Choncho musamulandire ndi CV yokha. Abwere ndi kalata ya ku dipatimenti yake yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi mphunzitsi amene azidzamuyendera. Fotokopani pasipoti ndi permit, muone tsiku lothera. Ambiri amagwa apa: permit imatha attachment ili mkati. Lembaninso kalata ku Immigration kuwadziwitsa, yankho lawo mulisunge mu fayilo.

Mlangizi wa za antchito, Ginnery Corner:
Ntchito yokhazikikayo ikufuna Temporary Employment Permit, TEP ija, chilolezo choti mlendo agwire ntchito kuno, ndipo wopempha ndi kampani, osati mtsikanayo. Funso limene mudzakumane nalo popempha TEP ndi limodzi: bwanji simunalembe Mmalawi? Digiri ya bizinesi payokha si yankho, chifukwa ana athu omaliza ku MUBAS ndi ku UNIMA ali nayo ndipo akusaka ntchito. Mphamvu yanu ili pa Chipwitikizi. Job description inene mosabisa kuti munthuyo aziwerenga zikalata za kasitomu za ku Mozambique, azilemberana ndi ma agent a ku Beira, azitsata galimoto zikaima pa malire a Zobue. Ntchitoyo muilengeze m'nyuzipepala moona mtima, osati mwamwambo chabe. Sungani tsamba la nyuzipepalalo, mndandanda wa ofunsira, ndi zimene panel inalemba pa aliyense. Pajatu ku Mwanza ndi ku Mulanje kuli Amalawi olankhula Chipwitikizi. Akapezeka woyenera, ntchito ndi yake. Akapanda kupezeka, konzani Mmalawi woti aziphunzira kwa iye, chifukwa TEP imakhala ya zaka 2 ndipo pokonzanso mudzafunika kuonetsa kuti lusolo likusiyidwa kuno.

Wa HR, Limbe:
Zikomo bambo. Nanga attachment ikatha TEP isanatuluke, angapitirize kutithandiza podikira?

Mlangizi wa za antchito, Ginnery Corner:
Ayi mayi, ngakhale tsiku limodzi. Abwerere kwawo akadikire. Mu offer letter mulembe kuti ntchito idzayamba TEP ikatuluka, musaikemo tsiku. Pakadali pano akonze police clearance, zithunzi za pasipoti ndi makope otsimikizidwa a satifiketi zake. Zolembedwa m'Chipwitikizi zimasuliridwe m'Chingerezi, ndipo dzina lifanane ndendende ndi la pa pasipoti. Maina a anzathuwa amakhala ataliatali, limodzi likasowa fayilo imabwerera.

Wa payroll, Chichiri:
Akayamba, PAYE, msonkho wa pa malipiro, ndi monga wina aliyense: mumadula, n'kupereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Probation isapitirire miyezi 12, malinga ndi Employment Act ya 2000. Kontrakitiyo muiyenderanitse ndi masiku a TEP, ndipo chikumbutso chokonzanso muchiike pa kalendala lero lomwe.