Mawu a Chingerezi a ndale amene timamva kuno ku Johannesburg

Mayi wa ku Rosettenville:
Abale anga, ndikupempha inu amene mumadziwa bwino Chingerezi kuti mundithandize. Pa nkhani za madzulo za SABC, nyumba youlutsa mawu ya boma la South Africa, komanso anthu akamakambirana mu taxi, pamamveka kawirikawiri mawu akuti scapegoat, faction, plot ndi state capture, ndipo ngakhale ndimazindikira kuti nkhani yake ndi yolozana zala ndi kugawikana, tanthauzo lenileni silindimvekera. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ena mwa mawuwa amatchulidwa pamodzi ndi foreign nationals, kutanthauza ife obwera, choncho ndikufuna kumvetsa bwino zimene zikunenedwa za ife.

Bambo wa ku Yeoville:
Mayi, mwafunsa bwino, ndipo ine ndiyankhapo pa scapegoat chifukwa ndi mawu amene akutikhudza kwambiri. Gwero lake lili m'Baibulo, pa Levitiko 16, pamene mkulu wa ansembe ankasanjika manja pamutu pa mbuzi, n'kuulula machimo onse a Aisraeli, kenaka mbuziyo n'kuithamangitsira kuchipululu itasenza zolakwa zimene sinachite. Masiku ano scapegoat ndi munthu kapena gulu la anthu limene lasenzetsedwa mlandu wa ena kuti eni mlanduwo apulumuke. Mukamva mtolankhani akunena kuti obwera asandutsidwa scapegoats pa nkhani ya kusowa kwa ntchito kapena mizere italiitali m'zipatala, dziwani kuti akutiikira kumbuyo: akunena kuti mavutowo ali ndi magwero ena, koma chala chikulozedwa kwa amene alibe mphamvu yodziteteza.

Kulozana zala kotereku sikuthera pakamwa ayi. Mu May 2008 zipolowe zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa, ena mwa iwo nzika za dziko lino. Amalawi ambiri anathawira kumudzi nthawi imeneyo atasiya katundu wawo. Udani umenewu pa obwera ndiwo umatchedwa xenophobia, ndipo mawuwa akayamba kuchuluka pa wailesi, ndi bwino kutchera khutu ndi kuyenda mosamala.

Mphunzitsi wa ku Turffontein:
Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa, ndipo ine ndipitirize ndi mawu otsalawo. Faction ndi kagulu ka m'kati mwa chipani kamene kali ndi mtsogoleri wake ndi zofuna zake, koma sikanatuluke m'chipanimo. Ku msonkhano waukulu wa chipani cholamula cha ANC ku Polokwane mu 2007 kunali kagulu ka Thabo Mbeki ndi ka Jacob Zuma. Zuma anapambana, ndipo mu September 2008 chipani chinauza Mbeki kuti atule pansi udindo wa pulezidenti wa dziko, chimene kuno amachitcha recall. Kaguluko kakatuluka n'kuyambitsa chipani chake, amati breakaway kapena splinter party, monga chipani cha COPE chimene chinatuluka mu ANC mu 2008. Ife Amalawi zimenezi si zachilendo, pakuti Bingu wa Mutharika anachoka mu UDF mu 2005 n'kukhazikitsa DPP.

Plot ndi chiwembu, kapena kuti upo wochitidwa mwamseri, ndipo conspiracy ndi chimodzimodzi koma nthawi zonse imakhala ya anthu angapo. State capture ndi pamene anthu a bizinesi agwira boma m'manja mwawo mpaka kumasankha nduna ndi akuluakulu a makampani a boma kuti makontirakiti azipita kwa iwo. Mawuwa anatchuka ndi lipoti la 2016 la Thuli Madonsela, amene panthawiyo anali mkulu wofufuza madandaulo okhudza boma (Public Protector), lokhudza banja la abizinesi la Gupta, kenaka ndi komishoni yofufuza za state capture yotsogozedwa ndi woweruza milandu Raymond Zondo, imene inayamba kumva umboni mu 2018 n'kupereka gawo lomaliza la lipoti lake mu 2022.

Mayi wa ku Rosettenville:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Aphunzitsi, kodi munthu akanenedwa kuti ndi implicated m'lipoti lotero, ndiye kuti wapezeka wolakwa?

Mphunzitsi wa ku Turffontein:
Ayi mayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasochera akamatumizirana nkhani pa WhatsApp. Implicated ndiye kuti dzina la munthuyo latchulidwa mu umboni ngati wokhudzidwa, alleged ndiye kuti zikungonenedwa koma sizinatsimikizidwe, accused ndi amene akuyankha mlandu, pamene convicted yekha ndiye wopezeka wolakwa ndi khothi. Komishoni ya Zondo sinali khothi. Inangolangiza kuti anthu ena afufuzidwe ndi kuzengedwa milandu, ndipo ntchito yozenga milanduyo ndi ya NPA, bungwe la boma loimba anthu milandu kukhothi. Kwathu nako, akuluakulu ena a boma la Bingu anamangidwa mu 2013 powaganizira kuti anapangana zoletsa Joyce Banda kulowa upulezidenti mu April 2012, ndipo nkhani yotero mtolankhani wosamala amailemba kuti alleged plot. Chimene chimandipweteka n'chakuti andale otchuka amapatsidwa ulemu wa alleged pafupifupi nthawi zonse, koma pa misonkhano ya m'makomboni obwera tonse timatchedwa zigawenga popanda khothi limene lamva mbali yathu.